Ndulu Anachotsa, Koma M'mimba Simunakhazikike

Ana anga a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanje, ndi inu a pachilumba cha Chisi, nkhani ya lero ndi yakuseri kwa nyumba, yosakambidwa pabwalo. Komabe akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo imvi zangazi zikundilola kutchula zimene achinyamata amazilambalala. Pakati pathu pali anthu, ambiri mwa iwo amayi, amene anakalowa ku fiyeta n'kuchotsedwa ndulu chifukwa cha timiyala. Bala linapola, ulusi anachotsa, abale anabwera ndi ufa ndi nkhuku kudzazonda, n'kubwerera kwawo akuti wodwala wachira. Mwiniwake yekha ndiye akudziwa kuti akangodya nsima ya ndiwo zokazingira, asanasambe n'komwe m'manja, m'mimba mwayamba kale kupotokola ndipo ayenera kuthamangira kuchimbudzi. Akudziwa yekha chimene anasiyira kugona kumaliro, chimene amakhalira pafupi ndi khomo kutchalitchi, chimene amatumira mwana kumsika wa pa Jali m'malo mopita yekha. Anthu oterewa ndikuwapempha kuti atsegule pakamwa. Enanu ndikukupemphani kuti akayankhula, mumve.

Aliyense amene anatumbulapo makumba kapena nkhuku ndulu amaidziwa: kathumba kobiriwira kokakamira kuchiwindi, kamene ukakaphulitsa ndiwo zonse zimawawa. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti kathumbako sikapanga madzi owawa aja. Chopanga ndi chiwindi, ndipo chiwindi cha munthu wamkulu chimatulutsa theka la lita kapena kuposerapo tsiku lililonse. Ntchito ya kathumba ndi kusunga madziwo, kuwakhwimitsa, ndi kudikira. Mumalowa masipuni aakulu atatu okha. Munthu akadya zamafuta, kathumba kamafinyika n'kutsanulira madziwo m'matumbo nthawi imodzi kuti asungunule mafutawo. Akamaliza ntchito, pafupifupi onse thupi limawatenganso kumapeto kwa matumbo aang'ono n'kuwabwezera kuchiwindi.

Inu olima mpunga ku sikimu ya Likangala kapena ya Domasi mumvetsa msanga. Ngalande ikakhala ndi chotsekera, madzi amalowa m'munda nthawi imene mlimi wawafuna, ochuluka monga wafunira. Chotsekeracho chikachoka mtsinje suuma ayi. Madzi amangoyenderera usana ndi usiku, operewera pa tsiku lothirira, koma osaleka pa tsiku limene sakufunika. Ndi mmene zimakhalira m'mimba mwa munthu wochotsedwa ndulu. Akadya mafuta ambiri kamodzi, madzi a ndulu amachepa, mafuta amadutsa osagayika bwino, ndiye mpweya, kutupa m'mimba ndi nseru. Pamene m'mimba mulibe kanthu madziwo amatsikabe, ndipo ena akadutsira m'matumbo aakulu amachititsa matumbowo kutulutsa madzi ndi kufulumira. Kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, kwachikasu kapena kobiriwira, kobwera mwadzidzidzi m'mawa kapena munthu atangodya, kawirikawiri kumachokera pamenepo.

Choncho inu amene mukuvutika, dziwani kuti simunalodzedwe, ndipo kutsegula m'mimba pakokha sikutanthauza kuti adokotala analakwitsa. Ambiri m'mimba mwawo mumakhazikika pakatha milungu ingapo kapena miyezi yowerengeka, thupi likazolowera. Koma madokotala amawerengera kuti pa anthu 10 alionse, mmodzi kapena awiri amatsala ndi vuto lina la m'mimba kwa nthawi yaitali. Opaleshoni imeneyi si yadzulo: dokotala wa ku Germany, Carl Langenbuch, anaichita koyamba mumzinda wa Berlin mu 1882, ndipo chiyambire pamenepo anthu miyandamiyanda akalamba opanda ndulu. Bulu ndi njovu amabadwa opanda kathumbako, koma amadya n'kunenepa. Ndamvanso mphekesera zoti mayi wochotsedwa ndulu sangaberekenso. Limenelo ndi bodza. Ndulu imakhala kumtunda, kumanja, kunsi kwa nthiti. Chiberekero chili kumunsi, ndipo mpeni wa dokotala sufikako. Madzi akatayika saoleka, ndulu sidzameranso, koma ntchito, banja ndi ukalamba zikadali zanu.

Kuno kwathu dzina la ndulu limaopsa, pakuti tinakula tikumva kuti ndulu ya ng'ona ndi chiphe cha anthu oipa mtima. N'chifukwa chake ena akamva kuti madzi a ndulu akuyenda m'matumbo mwawo popanda chosungira, amaganiza kuti thupi likudzipha lokha. Ayi, madzi amenewo ndi anu, akhala akudutsa m'matumbo mwanu chibadwire. Kumbukirani zimene zinachitika ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu Januwale 2015. Anthu 75 anafa atamwa mowa wophika m'mudzi pamaliro. Mawu oyamba kumveka anali akuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atayeza, anapeza kuti chiphe chinachokera ku tizilombo timene tinaswana mu ufa woonongeka umene anaphikira mowawo. Chimene chinatchulidwa poyamba sichinali cholakwa. Nkhani imeneyi ndaitchula kuti inunso musathamangire kuloza chala opaleshoni pa chilichonse chimene chikuvuta m'mimba mwanu.

Ife timakhala m'mbali mwa nyanja yopanda potulukira. Zonse zimene Likangala, Domasi ndi Thondwe atola kumtunda zimathera mu Chilwa, ndipo madzi ake ndi osaya. Munthu wa m'tauni, wa mpopi m'nyumba, akatsegula m'mimba atachotsedwa ndulu angathe kuganizira opaleshoni poyamba. Ife sitingatero tisanayezetse. Kolera wakhala akubwerabwera panyanja pano. Kumapeto kwa 2015 anagwira asodzi ambiri, mpaka mu 2016 aboma ndi a bungwe la MSF anachita kulowa ndi maboti kukapereka katemera kwa okhala m'zimbowera, timisasa toyandama panyanja. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Palinso kamwazi, njoka za m'mimba, likodzo, tizilombo ta m'zitsime zosavundikira, ndi kutsegula kumene kumadza chitetezo cha m'thupi chikatsika. Kuchotsedwa ndulu sikuteteza munthu ku zonsezi. Choopsa n'chakuti iye anazolowera kale kuthamangira kuseri, ndiye kolera akafika amati ndi za masiku onse zija, n'kuchedwa. Chimbudzi chikasanduka choyererapo ngati madzi otsukira mpunga, chikutuluka chambiri mosalekeza, pamodzi ndi kusanza ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo, imeneyo si ndulu. Yambani kumwa Thanzi pomwepo, ndipo kabaza aitanidwe usiku womwewo, osadikira kuti kuche.

Palinso ena amene ululu wawo sunachoke chifukwa sunali wa ndulu yokha. Makina anaonetsa timiyala, timiyalato anachotsa, koma zilonda za m'mimba kapena chilungulira zimene zinalipo kale zinatsala pomwepo. Zimenezo zili ndi mankhwala ake, ndipo sizitha ndi kudikira.

Zizindikiro zina ndi zosagonera. Maso akachita chikasu, mkodzo n'kuda kwambiri, chimbudzi n'kutuwa, thupi n'kumayabwa, ndiye kuti mwina njira ya madzi a ndulu yatsekeka. Kamwala kakhoza kutsalira m'kanjira kochokera kuchiwindi, kapena kupangika katsopano ngakhale patapita zaka, ndipo nthawi zina kanjirako kamapanikizika ndi chipsera cha mkati. Chikasu chikaphatikana ndi kutentha thupi, kunjenjemera ndi ululu kunsi kwa nthiti zakumanja, musangoti ndi malungo n'kumwa LA wotsala wa mwana. Matenda amenewo amapha m'masiku ochepa. Chimodzimodzinso ululu wobaya pachifu wofika kumsana, kusanza kosaleka, mimba yotupa ndi yolimba masiku oyamba mutachoka kuchipatala, bala lotuluka mafinya kapena madzi obiriwira, magazi m'chimbudzi, chimbudzi chakuda bii, ndi kuonda kosadziwika chiyambi chake. Zimenezi sizitha ndi kusintha ndiwo. Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi Likangala, Pirimiti kapena Domasi, ndipo akakulemberani kalata ya ku Zomba Central, kumene kuli makina ounikira m'mimba, pitani. Akakutumizani ku Gulupu ku Blantyre, pitaninso.

Apa ndinene chimene ena achione chonyansa. Zimbudzi zathu ndi zokumba, chikagwa chagwa, ndipo munthu sadziwa mtundu wa zimene watulutsa. Koma adokotala adzakufunsani zimenezo. Masiku ena gwiritsani ntchito kachitini, muone, mutaye m'chimbudzi, mutsuke bwino, musambe m'manja ndi sopo. Maso anu a tsiku limenelo akhoza kukupulumutsani.

Tsopano za mumphika, pakuti kwa ambiri thandizo lalikulu lagona mmenemo. Chovuta kwenikweni ndi mafuta ochuluka pa nthawi imodzi. Masiku ano tinazolowera kuti ndiwo zosanyezimira si ndiwo. Mayi amang'amba kapepala konse ka mafuta n'kukhuthulira mumphika. Wodwala wathu muzimupatulira zake mafuta asanalowe, kapena muyese ndi kasipuni ka tiyi, kamodzi pa mbale yake. Matemba ouma owiritsa ndi tomato ndi anyezi amakoma popanda kukazinga. Agogo athu ankadya choncho kusanabwere mafuta a m'botolo. Makumba owiritsa kapena ootcha ndi abwino. Mlamba ndi nsomba yonona, makamaka waukulu. Idyani kachidutswa, chikopa ndi mafuta akumimba musiye. Nkhuku chimodzimodzi, chikopa chipite kwa ana. Nsinjiro ndiye zimanyenga anthu. Mayi amati sindinathire mafuta, ndangotendera, osadziwa kuti pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta. Tenderani mopepuka. Mapeyala, mkaka wonona ndi majarini zili m'gulu lomwelo.

Zogwira m'mimba tili nazo m'minda mwathu: mpunga wathu womwewu, wophika mofewa kapena phala lake, nthochi zakupsa, mbatata ndi chinangwa chowiritsa, maungu, ndi therere, limene kuterera kwake kumathandiza kumanga ena mwa madzi a ndulu kuti asavutitse matumbo. Nyemba, khobwe ndi nandolo n'zofunika chifukwa zimamanga thupi, koma zimadzaza mpweya. Zinyikeni usiku, madziwo mutaye, kapena chotsani makoko muphike chipere, ndipo yambani ndi pang'ono. Mgaiwa ndi masamba monga nkhwani, bonongwe ndi chisoso muzionjezere mlungu ndi mlungu, osati tsiku limodzi. Tiyi wokhathamira, khofi, tsabola wa kambuzi ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo zimafulumizitsa matumbo a anthu ena. Kachasu ndiye musiyiretu. Koma musathawe mafuta onse. Pali mavitamini, monga A wothandiza maso, amene salowa m'thupi popanda mafuta, ndipo ndaona anthu ofika pomangomwa phala loyera chifukwa cha mantha, n'kuonda mpaka mudzi kuyamba kuwanong'ona. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa akukhudza inunso.

Matupi amasiyana, ndipo chimene chavuta mnzanu wa ku Kachulu mwina inu sichikuvutani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani kope, mdzukulu azikulemberani chimene mwadya ndi chimene chatsatira, kwa milungu iwiri kapena itatu. Chakudya chimene mukuchikayikira chisiyeni chokhacho, osati zonse pamodzi, kenako muchiyesenso pang'ono. Zina zimene zikukukanani lero mudzazidya bwinobwino pakatha miyezi.

Madokotala amati idyani zochepazochepa, kanayi kapena kasanu pa tsiku. Ndikudziwa mmene mawu amenewa amamvekera kwa banja limene mu Febuluwale limadya kamodzi, madzulo. Ife amene tinaona nyanja ikuuma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, mabwato atagona pamatope, sitingalangizidwe ngati kuti nkhokwe imakhala yodzaza chaka chonse. Koma mvetsetsani: malangizowa sakunena kuti muonjezere ufa. Akunena kuti ufa womwewo muugawe. Kuswera ndi njala n'kudzameza mitanda inayi usiku ndiyo njira yoipitsitsa kwa munthu wopanda ndulu, chifukwa madzi aja akhala akutsikira m'matumbo opanda kanthu tsiku lonse, ndipo chakudya chikabwera chochuluka amapezeka operewera. Kaphala m'mawa, kambatata pobwera kumunda, mtanda umodzi masana, wina madzulo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Nkhuni n'zosowa, inde, sitingasonkhe moto kasanu. Koma mbatata yowiritsa imasungika mpaka masana, ndipo mkute wovundikira bwino ukatenthetsedwa mpaka kutuluka nthunzi ndi chakudya. Amene mumamva chilungulira musagone mutangodya. Pakhale maola awiri kapena atatu pakati pa mbale ndi mphasa.

Malo ovuta kwambiri ndi paukwati, pasadaka, pa Khirisimasi, ndi pachiwaya pamene anzanu akutola nyama ya mbuzi ndi tchipisi. Kukana chakudya cha mnzako kwathu kuno ndi mlandu. Amati ukumuganizira zoipa. Ndiye wodwala amadya kuti asakhumudwitse mwini phwando, n'kukalipira yekha usiku wonse. Ena sakakamizidwa n'komwe, ndi mtima wawo umene umalephera kupirira fungo la kanyenya. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nenani poyera kuti adokotala anandiletsa zamafuta, tengani mpunga ndi kanyama kopanda mafuta, msuzi wonyezimira muusiye. Inunso eni phwando, munthu akakana mandasi kapena zitumbuwa zanu, musamufunse kawiri.

Abale athu achisilamu, amene ndi ambiri kuno, ali ndi funso lawo mwezi wa Ramadan. Kusala kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, n'kumasula ndi zokazinga, kumamuvuta munthu wotsegula m'mimba, makamaka kukatentha. Chipembedzo chomwecho chimalola wodwala kusiya kusala n'kudzabweza masikuwo atachira. Kambiranani ndi ashehe komanso adokotala mwezi usanaoneke. Amene mwaloledwa kusala, masulani ndi madzi ndi phala, mupume, kenako mudye futali wotendera mopepuka. Akhristu osala kudya pa mapemphero a masiku angapo, mawuwa ndi anunso.

Safunsa anadya phula. Ambiri akatsegula m'mimba amathamangira kugolosale kapena kwa mnyamata wa pamsika kukagula Flagyl, Bactrim kapena makapisozi awiri. Ngati vuto ndi madzi a ndulu, mankhwala amenewo sagwira kanthu, pakuti palibe kachilombo koti aphe. Amangopha tizilombo tothandiza ta m'matumbo n'kuonjezera kutsegulako, ndipo tsiku limene mudzawafune zenizeni adzakhala atatha mphamvu. Brufen, Indocid ndi diclofenac amaziziritsa ululu, koma akamwedwa kawirikawiri amakanda chifu mpaka zilonda. Za azitsamba, ine sindinyoza nzeru za makolo. Komabe mabotolo otsuka m'mimba amene amagulitsidwa m'misika ndi m'mabasi, ambiri ntchito yake ndi kutsegula m'mimba, ndipo kumupatsa munthu amene akutsegula kale ndi kumuthera madzi m'thupi. Ena amavulaza chiwindi. Ngati mwamwa, auzeni adokotala. Kubisa kumawasokeretsa iwo, koma wovulala ndinu.

Mankhwala oyenera alipo. Pali a ufa otchedwa cholestyramine, osungunulira m'madzi, amene amamanga madzi a ndulu m'matumbo kuti atuluke osavutitsa. Kwa amene vuto lawo ndi limeneli, kusintha kumaoneka m'masiku ochepa. Lembani dzinali papepala mukafunse kuchipatala chachikulu. Ali ndi lamulo lake: amamanganso mankhwala ena, choncho amene mumamwa ma ARV, a BP, a khunyu kapena mapiritsi olera, imwani amenewo ola limodzi musanamwe ufawo, kapena patadutsa maola 4 mpaka 6, monga adokotala angakuuzireni. Palinso loperamide, wochedwetsa matumbo, wothandiza pa tsiku la ulendo, koma osamwa ngati pali magazi, kutentha thupi, kapena kolera ali m'mudzi. Odwala shuga dziwani kuti metformin payekha amatsegula m'mimba anthu ena. Musamusiye nokha, kaneneni kuti akusinthireni kamwedwe. Ma ARV musadumphitse ngakhale tsiku limodzi poganiza kuti ndiwo akukutsegulani.

Madzi amene atuluka abwerere. Ena amadzimana kumwa poopa kuti atsegula kwambiri, ndipo amathera kuchipatala pa dilipi. Sungani mapaketi a Thanzi m'nyumba. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Waterguard. Mkodzo ukachepa, pakamwa pakauma, chizungulire chikamabwera poimirira, thupi likupempha madzi.

Kwa inu asodzi ndi alimi amene anakuchekani bala lalitali pamimba, minofu ya mkati imachedwa kupola kuposa khungu. Milungu isanu ndi umodzi yoyamba musakoke khoka, musasenze thumba la mpunga kapena ndowa ya pamjigo, musapalase bwato la ku Chisi. Chipsera chikamatukuka potsokomola kapena ponyamula katundu, kaonetseni chisanakule. Pali njira ina yochotsera ndulu kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, imene inayamba ku Germany mu 1985. Bala lake limapola msanga, koma za m'mimba ndi zomwezi. Ndipo bambo amene m'mimba simunakhazikike asathamangire kukakhala m'zimbowera milungu ingapo, kumene madzi akumwa ndi a m'nyanja, chimbudzi ndi nyanja yomweyo, ndipo chipatala chili kutali. Ndikudziwa kuti ngongole ya maulendo a kuchipatala ndi fizi ya ana sizidikira. Koma mnzanu angathe kulowa ndi ukonde wanu mugawane, inu mukuwamba nsomba ndi kusoka maukonde kumtunda, pafupi ndi mjigo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa. Pitani nokha, ndi kabuku kanu ka kuchipatala ndi kope lija. Ndaona amayi akudikira pamzere m'mawa wonse, n'kukangoti m'mimba mukundipweteka, chifukwa dokotalayo ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo. Amabwerako ndi panado, vuto lili pomwepo. Nenani zonse: ndinachotsedwa ndulu mwezi wakuti, ndimapita kuseri kangati pa tsiku, kumandidzutsa usiku kapena ayi, mtundu wake ndi wotere, ndipo nthawi zina ndimalephera kudzigwira. Mawu omalizawa ndi olemera pakamwa pa munthu wamkulu, koma ndi amene amamuuza dokotala kukula kwa vuto. Pemphani kuyezedwa chimbudzi ndi magazi. Ngati mungamasuke kwa namwino wamkazi, nenani. Ndipo inu ana athu ovala zoyera, mzere ndi wautali, tikuona. Koma dziwani kuti mayi wachikulire sayamba yekha nkhani yotere. Mukaona chipsera kunsi kwa nthiti, mufunseni ndinu, mwaulemu, chitseko chili chotseka.

Mutu umodzi susenza denga. Abambo, mkazi wanu akachedwa kulowa m'munda m'mawa si ulesi. Kwa ambiri m'mawa ndiyo nthawi imene m'mimba mumavuta kwambiri. Apongozi, mkamwini amene wachotsedwa ndulu akapempha ndiwo zosakazinga musati akudzimva, ndipo akakhala miyezi iwiri osagwira khasu musayambe kuitana ankhoswe. Mayi akaika kamphika kake pambali, si kudzikonda, si kukana kudyera limodzi. Ana aphunzitsidwe kusaseka agogo akathamanga. Munthu woopa kutuluka m'nyumba amayamba kudwala maganizo, ndipo nkhawa nayo imafulumizitsa matumbo, ndiye vuto limabala linzake. Amene ndawaona akuchira msanga ndi aja amene kunyumba kwawo nkhaniyi imatchulidwa monga amatchulira BP kapena shuga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Timiyala ta m'ndulu timakonda amayi, makamaka oberekapo kangapo ndi opitirira zaka 40, komanso anthu onenepa ndi odwala sikoselo ngakhale ali ana, ndipo anthu oterewa ali m'nyumba iliyonse.

Mafumu, akuluakulu a mipingo ndi a mizikiti, ndi makomiti a padoko, gawo lanu ndi chimbudzi. Dothi la m'mbali mwa nyanja limagumuka madzi akasefukira, monga tinaonera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo chimbudzi cha pagulu chikagwa chimakhala chomaliza kumangidwanso. Chimbudzi chokhala ndi chitseko ndi mpondagiya patchalitchi, pamzikiti, pamsika ndi padoko chimabweza anthu amenewa pakati pa anzawo, komanso chimatitchingira tonse kolera. Pamaliro ogonera, adzukulu aonetsetse kuti pali poti munthu apite usiku, ndi nyali.

Kuchokera ku Kachulu kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo nyengo ya mvula mtengo wa ulendowo umakwera. Ambiri amaphonya tsiku lobwerera kuchipatala chifukwa cha ndalama ya galimoto, osati chifukwa achira. Tsiku limene adokotala analemba m'kabuku, gulu lanu la banki m'khonde lilidziwe pasadakhale, kuti ndalamayo isakasowe m'mawa wake, ndipo pakhale munthu wokuperekezani amene akamve nawo zimene adokotala anene.